Premio, Mark X, Camry zakwera mtengo, nanga ndalama yanu ikugula chiyani kwenikweni?

Sabata yatha kunabwera bambo ena ku galaja kwanga, ndi aphunzitsi, akhala akusunga ndalama zaka zitatu kuti agule motoka ya banja. Ana alipo atatu, mayi akunyumba amagwira ntchito mtauni, ndipo chaka chilichonse mu August banja lonse limapita ku Katete ku Kulamba. Anatulutsa foni nkuyamba kundionetsa zithunzi, kenako anandifunsa kuti "a makanika, zoona Premio yakale chonchi ikhale pa mtengo umenewu? Kapena ogulitsawa angotiona kupusa?" Ndinawapatsa mpando, chifukwa funso ili ndimalimva pafupifupi tsiku lililonse ndipo siliyankhika choimirira.

Ndikukamba za ma saloon, motoka zija za zitseko zinayi ndi buti kumbuyo, zapakatikati, zoposa Vitz koma zosafika pa Crown. Toyota Camry, Mark X, Honda Accord, Nissan Teana, Mazda Atenza, Subaru Legacy, ndipo kuno kwathu timaikamonso Premio ndi Allion ngakhale kuti ndi zocheperako pang'ono thupi, poti ndi zimene mabanja ambiri mu Lusaka amazitenga ngati motoka yaulemu.

Ogulitsa ena amaonjezadi, sindikukana. Koma gwero la nkhani silili pa yadi ya munthu wogulitsa pa Kafue Road kapena pa Great East. Choyamba ndi kwacha. Motoka izi timagula ku Japan ndi madola, sitima timalipira madola, doko la Dar es Salaam nalonso madola. Mu 2013 pamene tinachotsa maziro atatu pa ndalama yathu dola inali pa K5 ndi kanthu. Dziko litalephera kubweza ngongole ya Eurobond mu November 2020 zinthu zinathina, pakati pa 2021 dola inali cha pa K22, masankho atapita inatsika kufika cha pa K16, kenako mu 2024 tinaiona ikudutsa K27. Tengani motoka ya madola 5,000. Pa K16 ndi K80,000, pa K27 ndi K135,000, motoka yomweyo, chitsulo chomwecho, simunalipire dyuti, simunalipire ejenti wa pa Nakonde, simunalipire dalaivala woibweretsa ndi mafuta ake, simunafike ku RTSA kukatenga nambala. Ndipo kwacha ikalimbako monga inachitira mu 2025 musayembekezere kuti mawa lake mitengo ya pa yadi itsika, munthu amene anaitanitsa motoka dola ili pamwamba sangaigulitse moluza, amadikira ndithu mpaka apeze womugula.

Chachiwiri ndi chimene anthu ambiri sachidziwa, ndipo kwa ine ndi chachikulu kuposa nkhani ya dola. Chitsime chimene timatungako chikuphwa. Toyota inasiya kupanga Mark X mu December 2019. Premio ndi Allion zinatha mu March 2021. Camry inasiya kugulitsidwa mu Japan kumapeto kwa 2023, ngakhale kumaiko ena ikupitirira. Teana nayo inachoka pa msika wa Japan cha nthawi yomweyo ndi Mark X, Mazda inasiya kupangira msika wa kwawo Mazda6, imene ife timaidziwa ndi dzina la Atenza, mu 2024. Ku America nako chimodzimodzi, Ford Fusion inatha mu 2020, Chevrolet Malibu mu 2024, Subaru Legacy mu 2025. Anthu a kumaiko amenewo anathamangira ku ma SUV, motoka zija zazitali kuchoka pansi, makampani nawo anatsata kumene kuli ndalama.

Manje ganizani, ife sitigula zatsopano, timadikira munthu wa ku Osaka kapena ku Nagoya aiyendetse zaka zake kenako aitaye ku okushoni. Ngati fakitale inatseka mzere wa Premio mu 2021 ndiye kuti palibenso Premio ina ikubadwa, zimene zilipo ndi zomwezo, ndipo sitikuzifuna tokha, a ku Kenya akuzifuna, a ku Tanzania, a ku Malawi, a ku Bangladesh ndiye amazikonda koopsa. Ogula achuluka, katundu akuchepa chaka ndi chaka. Ndi chifukwa chake mukuona motoka yokalamba ikukwera mtengo m'malo motsika, chinthu chimene kale tikadati ndi bodza.

Kumbali ya zatsopano nako sikunaime. Camry ya 2018 ku America inkayambira pa madola 23,495, ya 2025 inayambira pa madola 28,400 ndipo kumeneko imabwera ya hybrid yokhayokha, yoyendera petulo pamodzi ndi magetsi a batire, ya petulo yekha kulibenso. Mkati mwadzaza makamera, masensa, radar yoona kutsogolo, sikirini yaikulu, zonsezo zimadya ndalama, ndipo mu 2021 ndi 2022 kunali kusowa kwa tizipangizo ta kompyuta tija ta ma chip, mafakitale anachepetsa kupanga, anthu amene akanagula zatsopano anakakamira zakale zawo kapena kukagula zakale za anzawo. Funde limenelo linafika mpaka kuno.

Zimenezi sitingazisinthe ine ndi inu. Chimene tingathe ndi kusiya kuyang'ana nambala yolembedwa pa galasi lakutsogolo ngati kuti ndiyo mtengo wa motoka. Ine ndimawerenga motoka pa zaka zitatu, zonse zimene idzatulutse m'thumba mwanu, kuchotserapo zimene mudzapeze tsiku loigulitsa.

Tiyambe ndi mafuta poti ndi pamene mabanja ambiri amapwetekera. Mudzaona Mark X ikugulitsidwa motsika kuposa Premio ya chaka chomwecho, chonsecho Mark X ndi yaikulu, yamphamvu, mkati mwake mwabwino kwambiri, pa msewu wautali imakhala pansi ngati yamatidwa. Ndimaikonda, ndisaname. Koma ili ndi injini ya V6 ya 2.5, pamene Premio zambiri ndi 1.5 kapena 1.8 za masilinda anayi. Tiyerekeze kuti mumayenda makilomita 1,500 pa mwezi, kuchoka ku Chalala kapena ku Chelstone kupita mtauni, kusiya ana kusukulu, kutchalitchi, kumaliro. Mu jamu ya m'mawa ija tinene kuti yaikuluyo ikukupatsani makilomita 8 pa lita ndipo yaing'onoyo 13. Yoyamba imwa malita pafupifupi 188, yachiwiri 115. Kusiyana kwake malita 73, petulo tikaika pa K30 ndi K2,190 mwezi uliwonse, pa zaka zitatu zikuyandikira K79,000. Manambala awa ndi ongoyerekezera, ikanipo anu, koma muona kuti kutchipa kuja kwa tsiku logula kumatha kusungunuka chaka chachiwiri chisanathe. Kumbukiraninso kuti mu 2022 a ERB, bungwe loona za mafuta ndi magetsi, anayamba kuunika mtengo wa mafuta mwezi ndi mwezi, ndipo mu 2024 petulo anadutsa K30, ndiye motoka yakumwa kwambiri imakupangitsani kugona ndi nkhawa kumapeto kwa mwezi uliwonse. Ndi misonkho yomwe imatsata injini, kuyambira 2018 dyuti ya motoka zogwiritsidwa kale ntchito a ZRA amaiwerengera potengera mtundu wa motoka, zaka zake ndi kukula kwa injini, ndipo carbon tax ya chaka ndi chaka nayo imakwera injini ikakula.

Koma sindikunena kuti thamangirani Premio pa mtengo uliwonse ayi. Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ambiri. Dzina lija lafika poti anthu akulipira dzina, osati motoka. Ndaona anthu akupereka ndalama ya motoka yabwino pa Premio yotopa, mashoko atatha, mabushi akulira, giyabokisi ikuchedwa kugwira, chabe chifukwa amalume anati Toyota siifa. Imafa ngati sinasamalidwe. Premio ndi Allion zoyambira 2007 zili ndi giya ya CVT, mtundu wa otomatiki woyendera lamba wachitsulo, Teana zambiri nazonso ndi CVT, ndipo giya imeneyi imafuna oyilo wake weniweni, osati oyilo wamba wa giya ya otomatiki (ATF) amene mnyamata wa pa kona angakuthirireni. Chaka chatha ndinalandira motoka ya mayi ena amene anaigula kwa munthu pa Facebook, yooneka bwino kunja, mwini wakale anali atathiramo oyilo wolakwika kwa nthawi yaitali, patangopita miyezi iwiri inayamba kunjenjemera ponyamuka. Ndalama imene analipira posintha giyabokisi ndi imene akanalipirira ana awiri temu yonse. Zinandiwawa kwambiri chifukwa kuyesa kwa mphindi makumi atatu asanapereke ndalama kukanaonetsa vutolo.

Camry zochokera ku Japan kuyambira 2011 ndi za hybrid, injini ya 2.5 yothandizana ndi mota yamagetsi. Anthu amaziopa chifukwa cha batire, ndipo mantha amenewo ndi amene amapangitsa kuti nthawi zina muipeze pa mtengo wabwino kuposa momwe iyenera kukhalira. Kwa munthu woyenda mu jamu ya Lusaka tsiku ndi tsiku hybrid ndi yothandiza zedi, chifukwa mukaima injini imazima, mukamaponda buleki batire imadzaza, siifuna kulumikizidwa ku magetsi a ZESCO konse ndiye za load shedding sizikukhudzani. Chofunika ndi kuika kompyuta musanagule kuti muone thanzi la batire, komanso kutsuka kafani kamene kamaiziziritsa, poti fumbi lathu la mu September ndi October limatseka kafani kameneko batire nkumatentha. Mukagula ya zaka zoposa khumi, ikani padera ndalama ya batire m'mutu mwanu kuyambira tsiku loyamba. Ikakhalabe yotchipa mutawerengera zimenezo, ndi motoka yabwino kwambiri ya banja, mpando wakumbuyo ana atatu amakhala osakankhana.

Atenza ya dizilo ya 2.2 imakoka bwino ndipo pa ulendo wautali simwa kwambiri, koma ili ndi sefa ya utsi yotchedwa DPF imene imafuna motoka ithamange mtunda wautali kuti idziwotche yokha nkuyera. Ngati ulendo wanu ndi wa Kabwata kupita pa Cairo Road ndi kubwerera, sankhani ya petulo. Accord ndi Legacy ndi motoka zolimba, vuto ndi masipeya, a Toyota mumawapeza paliponse mtauni ngakhale ku Petauke kapena ku Nyimba mukafera panjira, pamene enawa nthawi zina mumadikira masabata kuti achoke ku Johannesburg kapena ku Dubai. Motoka ikakhala pa majeki masabata atatu inu mukulipira Yango tsiku lililonse, imeneyonso ndi ndalama ya motoka yomweyo.

Aphunzitsi aja anandifunsanso kuti bwanji osangogula ka SUV poti aliyense akugula zimenezo. Ndinawafunsa kumene amakhala ndi msewu umene amadutsa. Ngati kwanu ndi kumene madzi amadzaza mu January ngati mbali zina za Kanyama, kapena msewu wa ku puloti ndi wa miyala ndi maenje, kutalika kwa motoka kuchoka pansi ndi nkhani yeniyeni, saloon mudzaiphwanya pansi, ekizozi ndi sampu zidzakhala zikukhula pa hampu iliyonse makamaka mutanyamula matumba a chimanga kubuti. Pamenepo musadzivute. Koma ngati moyo wanu uli pa tala, ndalama imene ingakugulireni SUV yokalamba ingakugulireni saloon yocheperako zaka ndi makilomita, matayala ake ndi otchipa, imamwa pang'ono chifukwa ndi yopepuka ndipo mphepo siyiikankha kwambiri, ndiponso pa makona aja a Manenekela popita ku Luangwa motoka yotsika imagwira msewu bwino kuposa yaitali. Anthu ambiri akulipira ndalama yowonjezera pogula kutalika kumene amakugwiritsa ntchito kawiri pa chaka.

Za ngongole ndinene mwachidule. Chiwongoladzanja cha kubanki kuno ndi cholemera, mukatenga loni ya motoka werengerani ndalama yonse imene mudzabweze, osati ya pamwezi yokha, ndipo musaiwale inshuwalansi, road tax ndi fitinesi. Ndimakonda munthu agule motoka yotsikirako ndi ndalama yake nkusunga ina ya sevisi yoyamba, matayala anayi ndi mashoko, chifukwa pafupifupi motoka iliyonse yochoka ku Dar imafika ikufuna zimenezo.

Mukapita kukaona motoka pitani m'mawa injini isanalizidwe, muimve ikuyamba ili yozizira. Funsani pepala la ku okushoni ngati yangofika kumene, muyerekeze makilomita a pa pepalapo ndi a pa dashibodi, muyang'anenso chiwongolero ndi mapedulo ngati kutha kwake kukugwirizana ndi nambala imene akukuuzani. Suzumirani pansi, zina zimachokera kumadera a chisanu ku Japan kumene amathira mchere m'misewu ndipo dzimbiri limadya kunsi pamwamba pakuwala. Muiyendetse mpaka itenthe, mukwere nayo kaphiri, muime pakati nkunyamukanso kuti mumve giya. Nambala ya chasisi igwirizane ndi ya pa white book, buku la umwini wa motoka, ndipo dzina la pa bukupo likhale la amene akukugulitsaniyo.

Aphunzitsi aja tinapita nawo limodzi Loweruka kukaona motoka zitatu. Premio imene anaikonda pa chithunzi tinaisiya, kunsi kunali dzimbiri ndipo giya inkachedwa. Panopa akuganizira pakati pa Allion ya 1.8 ndi Camry ya hybrid imene batire yake inaonetsa bwino pa kompyuta, ndawapempha akambirane kaye ndi mayi akunyumba ndipo alembe makilomita amene amayenda kwa milungu iwiri, kenako tidzakhale pansi tiwerengere limodzi.