Aphunzitsi, tchati chanu kachiyeseni kumbuyo kwa kalasi

Ntchito yanga ndi yokonza zithunzi ndi masamba a mabuku a ana, ndipo nthawi zina amandiitana kukathandiza aphunzitsi kupanga zipangizo zophunzitsira. Mphunzitsi akandionetsa tchati kapena masilaidi ake, funso limakhala limodzi lomwelo: "Zakongola eti?" Funso limeneli landitopetsa. Loyenera kufunsa ndi ili: mwana wakhala kukhoma lakumbuyo uja akutha kuwerenga? Nanga akayang'ana, diso lake likuyambira pati?

Zosakaniza mitundu isanu ya kalembedwe ka zilembo patsamba limodzi sinditayapo nthawi. Iwiri yakwana, wina wa mutu, wina wa nkhani. Kwa ana a Sitandade 1 ndi 2 sankhani zilembo zimene a ndi g wake akufanana ndi amene mumalemba pabolodi. Mtundu wa zilembo wotchedwa Andika anaukonzera ongoyamba kumene kuwerenga, ndipo ndi waulere pa intaneti.

Vuto lenileni ndi kukometsera. Maluwa m'mphepete mwa tchati, tiagulugufe touluka pa PowerPoint, nyimbo yolira pansipansi pa vidiyo yophunzitsa kugawa manambala. Mumati zimakopa ana. Zimawakopadi, koma zimawakopera ku maluwawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Richard Mayer wa pa University of California ku Santa Barbara, amene buku lake Multimedia Learning linatuluka koyamba mu 2001, anaziyesa zimenezi ndi anzake. Ankapatsa ophunzira phunziro lofotokoza mmene chiphaliwali chimapangikira. Ena ankalandira phunziro lokhalokha, ena ankawaonjezera tinkhani tochititsa chidwi ta anthu oombedwa ndi chiphaliwali, kapena nyimbo ndi maphokoso okometsera. Oonjezeredwawo ndi amene ankalephera kufotokoza bwino zimene aphunzira. Chifukwa chake si chachilendo. Malo amene ubongo umagwirira zinthu zatsopano pa nthawi imodzi ndi ochepa kwambiri, ndipo gulugufe akatenga malowo, phunziro limatsala panja.

Pa chifukwa chomwecho, lekani kudzaza silaidi ndi ndime yonse kenako n'kumaiwerenga mokweza. Mwana amawerenga pa liwiro lake, inu mukuyankhula pa liwiro lanu, iye n'kutaya zonse ziwiri. Onetsani chithunzi ndi mawu ochepa otsogolera, kufotokoza kuchoke pakamwa panu. Ndipo dzina la chinthu lizikhala pambali pa chinthucho. Mukajambula chimanga, mawu akuti ngayaye akhale pafupi ndi ngayayezo, muvi wake waufupi. Chizolowezi choika manambala pachithunzi, mayina n'kukawaunjika pakona kapena patsamba lina, chimangochititsa mwana kuyendayenda ndi maso. Siyirani mayeso kachitidwe kameneko.

Tsopano mitundu, pamene mtima wanga umapwetekera. Maka yachikasu papepala lapinki, choko chofiira pabolodi lotuwa lomwe silinapakidwe utoto zaka zambiri, zilembo zoyera pamwamba pa chithunzi cha nyanja. Zili patebulo panu zimaoneka bwino chifukwa muli pafupi ndipo mukudziwa kale zimene mwalemba. Okonza masamba a pa intaneti ali ndi muyeso wakuti kuwala kwa zilembo wamba ndi kwa pamene zalembedwa kusiyane ndi 4.5 kwa 1 kapena kuposa. Inu simukusowa makina oyezera. Zakuda pa choyera, zoyera pa chakuda, basi. Musasiyanitse zinthu ndi mtundu wofiira ndi wobiriwira wokha, pakuti pali ana, makamaka anyamata, amene mitundu iwiriyi saisiyanitsa bwino, ndipo ambiri sadziwa kuti ali ndi vutoli. Komanso pepalalo likadutsa pa fotokope, chofiira ndi chobiriwira zonse zimasanduka zotuwa. Onjezerani mizere, madontho kapena dzina.

Pali mtsikana wina amene sachoka m'maganizo mwanga. Anali wachialubino, mu Sitandade 4, pasukulu ina yakumudzi. Mphunzitsi wake anali mayi wakhama kwabasi, wogula mapepala a matchati ndi ndalama za m'thumba mwake. Khoma lonse linali mbwee ndi matchati amitundumitundu, ambiri olembedwa ndi maka yobiriwira ndi yachikasu, zilembo zing'onozing'ono kuti zonse zikwane. Mtsikanayu ankakhala pakati pa kalasi, pafupi ndi zenera lopanda chotchinga, dzuwa lili phwii pankhope. Pabolodi sankayang'ana n'komwe. Ankadikira mnzake amalize kulemba, iye n'kuika mphuno pafupifupi pakope la mnzakeyo n'kumakopera. Ankamaliza mochedwa tsiku lililonse, ndipo mbiri yake inali yakuti ndi waulesi komanso wokonda kuonera. Nditamupatsa pepala loyera lolembedwa zilembo zakuda zonenepa, anawerenga bwinobwino osakakamira. Mayi ake anali atamugulira magalasi pamsika, osapimidwa, ndipo iye ankangowasunga m'chikwama chifukwa ankamupweteketsa mutu. Tinamusunthira kutsogolo, kutali ndi zenera, mphunzitsi n'kuvomera kumamulembera ntchito papepala lakelake. Koma chaka chinali chitapita kale. Nditadzafunsa za iye patsogolo pake, anandiuza kuti atabwereza kalasi anasiya sukulu.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno muli anthu achialubino oposa 134,000. Pafupifupi onse amakhala ndi vuto la maso: kuwala kumawathobwa, maso amagwedera, zakutali sizioneka bwino, ndipo magalasi amathandiza koma sathetsa zonse. Kuonjezera apo pali ana ambirimbiri ongofunika magalasi wamba amene palibe anawapimapo. Mwana sadzabwera kudzakuuzani kuti sakuona, chifukwa amaganiza kuti aliyense amaona choncho. Zizindikiro muzione ndinu: kutsinzinira poyang'ana pabolodi, kupendeketsa mutu, kuyandikitsa buku kumaso, kukopera kwa mnzake nthawi zonse. Mukaziona musadikire kuti teremu ithe. Itanani makolo sabata yomweyo, mwana apite kuchipatala cha boma chapafupi, kumene angamutumize kwa a maso. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Nkhoma kuli zipatala za maso. Makolo muwauze mosabisa kuti magalasi apamsika si mankhwala, ndipo madzi a zitsamba, shuga kapena mkaka wa m'mawere zothira m'maso zingathe kuononga diso lomwe likanachira. Funsaninso mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera m'dera lanu, mwa amene amaphunzira ntchitoyi ku Montfort ku Nguludi, za magalasi okuzira zilembo ndi mabuku a zilembo zazikulu.

Asing'anga onyenga aliponso mbali yathu ino, kungoti awa amavala taye. Pamaphunziro a aphunzitsi mudzaona munthu akuonetsa chithunzi chonena kuti timakumbukira 10% ya zimene tawerenga, 20% ya zimene tamva, mpaka 90% ya zimene tachita, n'kumati ndi za Edgar Dale, katswiri wa maphunziro wa ku America. Chithunzi chimene Dale anatulutsa mu 1946 chinalibe manambala amenewo. Anthu ena anachita kuwamatapo. Wina adzakuuzani kuti mugawe ana m'magulu a ophunzira poona, pomva ndi pogwira, aliyense mumukonzere zake. Akatswiri otsogozedwa ndi Harold Pashler ataunika kafukufuku wa nkhaniyi mu 2008 sanapeze umboni wokwanira wakuti kutero kumakweza maphunziro. Chimene chimathandiza ana onse ndi chithunzi choyenera pamodzi ndi mawu oyenera. Musalipire ndalama za sukulu kwa wogulitsa masilaidi okonzakonza amene sanaimepo kutsogolo kwa ana zana limodzi, ndipo musamvere wokuuzani kuti popanda pulojekita ndiye kuti mukutsalira. Katoni yakale yopakidwa choyera ndi maka yakuda, zija timati TALULAR (kuphunzitsa ndi zipangizo zopezeka komweko), zimamvera malamulo omwewa ndipo sizidikira magetsi.

Otumiza ntchito pa WhatsApp, dziwani kuti chithunzi chikatumizidwa mwachizolowezi chimafinyidwa, tizilembo n'kusungunuka. Tumizani ngati PDF, ndipo muyambe mwaitsegula pa foni yaing'ono, chifukwa kholo lidzaiwerengera pamenepo. Vidiyo yaitali muidule m'zigawo zifupizifupi, mfundo imodzi pachigawo, mwana azitha kuimika ndi kubwereza, kholo nalo bandulo isalithere panjira.

Mawa musanayambe phunziro, pachikani tchaticho, muyende mpaka kukhoma lakumbuyo, mukhale pansi pomwe ana amakhala, pa nthawi imene dzuwa limalowa pazenera. Chimene simukutha kuchiwerenga msanga muchikuze kapena muchichotse, ngakhale tchati chimodzi chisanduke ziwiri. Kenako itanani mwana amene mukumukayikira maso awerenge ali pamalo pake, ndipo akalephera, dzina lake lipite kwa mphunzitsi wamkulu ndi kwa makolo tsiku lomwelo.