Congo Square, bwalo la ng'oma ku New Orleans

Alendo ambiri akafika ku New Orleans, ku America, amangozungulira mu French Quarter, chigawo chakale cha mzindawu, kudya gumbo wa therere ndi kumvera jazi usiku wonse. Ndi ochepa amene amawoloka msewu wa Rampart kukaona Congo Square, m'paki ya Louis Armstrong, chonsecho zambiri zimene adzera mumzindawu zinakulira pabwalo limeneli.

Mzindawu anaukhazikitsa ndi Afalansa mu 1718. Lamulo lawo la akapolo la mu 1724, Code Noir, linali lankhanza zedi, koma linkaletsa kugwiritsa munthu ntchito Lamulungu. Tsikulo akapolo ankasonkhana kunja kwa mzinda, kuvina ndi kuchita malonda. Amayi ankayenda ndi madengu a calas, zitumbuwa za mpunga, ndipo mzindawu utalowa mu ulamuliro wa Spain, ena anadziwombola okha ndi ndalama za malonda otere.

America itagula Louisiana, dera limene muli New Orleans, mu 1803, akuluakulu anachita mantha ndi misonkhanoyi. Mu 1817 analamula kuti akapolo azisonkhana malo amodzi okha, pa Congo Square, Lamulungu masana. Ankati awamanga manja, osadziwa kuti akusonkhanitsa ng'oma zonse pabwalo limodzi! Benjamin Latrobe, katswiri wojambula mapulani a nyumba, anapezapo anthu pafupifupi 500 kapena 600 mu 1819, akuvina m'mabwalo ang'onoang'ono. Chonsecho ku South Carolina, dera lina la ku America, ng'oma za akapolo anali ataziletsa kale mu 1740.

Magulewa anazilala nkhondo yapachiweniweni ya mu 1861 isanayambe. Mu 1893 malowa anawatcha Beauregard Square, kulemekeza mkulu wa asilikali amene ankamenyera mbali yofuna ukapolo. Kunyoza kuposa apa kulipo? Eni mzinda akuda sanaleke kutchula dzina lakale, koma khonsolo inalibwezeretsa mochedwa, mu 2011, ngakhale chikondwerero cha jazi chotchedwa New Orleans Jazz & Heritage Festival chinayambira pomwepa mu 1970.

Wofuna kuona zimene zatsala asankhe Lamulungu. Masana magulu a m'madera amatuluka ndi bandi ya malipenga pa chionetsero chotchedwa second line. Maguluwa anayamba ngati mabungwe othandizana pa matenda ndi maliro, nthawi imene makampani a inshuwalansi ankakana anthu akuda. Mamembala amatsogola atavala zofanana, ndipo aliyense, mlendo yemwe, amaloledwa kuvina pambuyo pawo mpaka mtunda wa makilomita angapo.