Chifukwa chake njinga ya katundu imavuta kuimitsa pamtsetse

Wakabaza aliyense amadziwa kuti kunyamuka ndi matumba awiri a chimanga pakeliyala kumakhetsa thukuta, koma si onse amene anaganizapo kuti chomwe chimavutitsa ponyamuka ndi chomwechonso chimavutitsa poima. Isaac Newton, katswiri wa ku England, anafotokoza mu 1687 kuti chinthu sichisintha liwiro pachokha: chimene chaima chimakhala chiimire, ndipo chimene chikuyenda chimapitirira kuyenda, kufikira patapezeka mphamvu yochikankha kapena kuchikoka. Kukula kwa mphamvu yofunikayo kumatsata makilogalamu a chinthucho. Tiyerekeze kuti munthu ndi njinga yake akukwana makilogalamu 80. Akamangirira matumba awiri a makilogalamu 50 lililonse, zonse pamodzi zafika 180, kotero mwendo ukaponda ndi mphamvu yomwe ija, liwiro limakwera mochedwa, osafika ngakhale theka la mmene likanakwerera njinga ili yopanda katundu.

Ana a sukulu amakonda kunditsutsa pamenepa, amati ukaleka kupalasa pamalo athyathyathya njinga imaima yokha. Siiima yokha ayi, pali zinthu ziwiri zimene zimaigwira ngakhale maso sazipenya.

Choyamba ndi kukhulana kwa zinthu zimene zakhudzana. Tayala limaphwatalala pang'ono pamene lagunda pansi, gudumu nalo limakhula pamene likuzungulira, ndipo zonsezi zimadya liwiro. N'chifukwa chake tayala losapopa bwino limalemetsa njinga, ndipo girisi amaipeputsa. Komabe tisakuyese mdani kukhulanaku, pakuti popanda iko tayala likanangozungulira pamalo amodzi monga limachitira m'matope a makande, ndipo mabuleki sakanagwira konse. Mphira wa buleki akakanikiza limu, mphamvu ya liwiro imasanduka kutentha, ndipo amene anakhudzapo limu atatsika phiri lalitali akuchitira umboni. Madalaivala a mathiraki potsika ku Chiweta amaika giya yaikulu mphamvu pa chifukwa chomwechi, kuti injini ithandize kugwira galimoto, mabuleki asatenthe mpaka kuleka kugwira. Mvula ikagwa, madzi amalowa pakati pa mphira ndi limu, kukhulana kumachepa, ndiye wokwera amafinya buleki koma njinga n'kumapitabe.

Chachiwiri ndi mpweya. Poyenda pang'onopang'ono sitiumva, koma mphamvu yake yokaniza siikula mofanana ndi liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, iyo imawirikiza pafupifupi kanayi. Imakulanso ndi kutambalala kwa chinthu, n'chifukwa chake wonyamula matumba a makala opingasa amavutika pa mphepo ya mwera kuposa mnzake amene wawerama pa njinga yopanda kanthu.

Mpweya womwewu ndi umene unasocheretsa anthu kwa zaka mazanamazana kuti chinthu cholemera chimagwa msanga chifukwa cha kulemera kwakeko. Bango ndi tsamba zikathothoka pamodzi, bango limafika pansi poyamba, koma n'chifukwa choti mpweya walichedwetsa tsambalo. Galileo Galilei wa ku Italy anaphunzitsa kuti pakanapanda mpweya zonse zikanagwa mofanana, liwiro likuwonjezeka ndi mamita pafupifupi 9.8 pa sekondi, pa sekondi iliyonse, malinga ndi muyeso wa masiku ano. Mu 1971 David Scott, pa ulendo wa Apollo 15, anataya hamala ndi nthenga ali pamwezi, pamene palibe mpweya, ndipo zinafika pansi nthawi imodzi.

Tsopano tiibwezere njinga ija pamtsetse. Dziko limakoka makilogalamu 180 mwamphamvu kuposa 80, pamene kukaniza kwa mpweya sikunasinthe kwenikweni, choncho njinga yolemera imafika pa liwiro lalikulu isanayambe kugwidwa ndi mphepo. Mphira wa buleki ndi yemwe uja wa masiku onse, koma tsopano akuyenera kuimitsa katundu woposa kuwirikiza kawiri. Liwiro nalo lili ndi masamu ake owawa, pakuti mtunda woimira pa makilomita 40 pa ola ndi wotalika kanayi kuposa wa pa makilomita 20 pa ola. Zitatuzi zikakumana, malo amene dzulo njinga yopanda katundu inaima m'mapazi owerengeka amatha lero wokwera akadafinyabe buleki, ndipo ine ndikaona wamatumba akutsika phiri wapansi akukoka njinga yake ndimadziwa kuti masamuwa anawamvetsa.