Kamphasa ka pa tebulo ndi mbale ya mwana pa nthawi ya chakudya

Uthengawu ndi wa amayi, abambo, agogo ndi onse olera ana a miyezi 6 mpaka zaka 5.

M'masitolo a m'tauni mwadzaza timphasa toyala pa tebulo pamene mwana akudyera: tina ta pulasitiki, tina ta labala tomamatira pa tebulo, tina ta nsalu, tinanso tolukidwa ndi mlaza. Makolo ambiri amafunsa ngati mwana wawo akufunikadi kamphasa kotere. Kamathandiza ndithu, ngati mukukatsuka ndi sopo ndi kukaumitsa nthawi iliyonse mwana akamaliza kudya, komanso ngati simukuikapo chinthu chotentha. Kakapanda kutsukidwa kamasanduka malo oswanirapo tizilombo toyambitsa matenda. Banja limene lilibe kamphasa silikumulakwira mwana ayi. Zimene mwana sayenera kusowa ndi mbale yakeyake, manja osambidwa ndi sopo, ndi malo oyera okhalapo pakudya.

Mwana sadyera m'mbale mokha

Tayang'anitsitsani mwana wa miyezi 10 akamadya. Atenga kachidutswa ka mbatata, akafinya m'manja, kagwa pa tebulo, akakwekwesa ndi chikhatho, kenako akatola n'kuponya m'kamwa. Palibe cholakwika apa. Umu ndi mmene amaphunzirira kudya yekha, ndipo kumukalipira kumangomubweza m'mbuyo. Koma dziwani kuti paliponse pozungulira mbale yake iye amadyeraponso.

Tsono tebulo la m'nyumba zathu limagwira ntchito zambiri. M'mawa mwatumbulirapo nsomba kapena kudulirapo nkhuku yaiwisi, masana ana a sukulu aponyapo zikwama, madzulo pali ndalama zochokera ku msika. Nthawi yakudya ikakwana, ambiri timangopukuta ndi kansalu konyowa kamene katandala pa sinki tsiku lonse, ndipo kansalu kotere kamangosamutsa tizilombo kuchokera uku kupititsa uko. Apa ndi pamene kamphasa kali ndi ntchito, chifukwa n'kakang'ono, mumakanyamula, kukatsuka pamodzi ndi mbale, n'kukayanika pa thandala. Ngati mulibe, thireyi yoyera kapena mbale yaikulu yophwatalala igwira ntchito yomweyo. Apo ayi, tsukani tebulolo ndi sopo ndi madzi, n'kulisiya liume musanamukhazikepo mwana.

Pamene banja limadyera pa mphasa

M'makomo ambiri mulibe tebulo lodyera, banja limadyera pa mphasa kapena pa mkeka, pakhonde kapena pansi pa mtengo. Mwana wokwawa ali pafupi kwambiri ndi dothi, ndipo m'dothi la pabwalo mumakhala zitosi za nkhuku ndi abakha, ndowe za mbuzi ndi mazira a njoka za m'mimba. M'zitosi za nkhuku mumapezeka kachilombo kotchedwa Campylobacter kamene kamatsekula ana m'mimba. Choncho musanayale mphasa sesani, thamangitsani nkhuku, ndipo pamene mwana akhale yalanipo chitenje chochapa. Mphasa yodyerapo izikunthidwa ndi kuyanikidwa padzuwa, isamagone panja nkhuku n'kumayendapo. Matumba amene munali feteleza kapena chimanga chothira mankhwala musayalire mwana, ngakhale mwawachapa. Nyuzipepala nayo si yoikapo chakudya.

Komabe tisaike chikhulupiriro chonse pa choyala. Ku Zimbabwe, m'maboma a Chirumanzu ndi Shurugwi, kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa SHINE, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2019. Mabanja ena anawamangira zimbudzi, anawapatsa sopo, posambira m'manja, mankhwala othira m'madzi akumwa, ndi malo otchinga oti mwana azisewerera kutali ndi nkhuku. Ana a m'mabanja amenewa sanakule mosiyana ndi anzawo, ndipo kutsekula m'mimba sikunachepe. Amene anakula bwinoko ndi ana amene ankalandira chakudya choonjezera, makolo awo n'kumaphunzitsidwa kadyetsedwe koyenera. Izi sizikutanthauza kuti ukhondo ulibe ntchito. Zikusonyeza kuti kachoyala kamodzi sikangagonjetse bwalo lonse lodzaza zitosi, komanso kuti chimene chalowa m'mimba mwa mwana chili ndi mphamvu yaikulu pa kakulidwe kake.

Mbale yakeyake

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ku Malawi ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Zifukwa zake n'zambiri, umphawi ndi matenda zili pomwepo, koma chimodzi chimene banja lingathe kukonza lero lomwe, popanda ndalama, ndi kagawidwe ka chakudya.

Mwana wa chaka chimodzi akamadya mbale imodzi ndi akuluakulu kapena ndi abale ake okulirapo, amatsalira. Enawo amatema mbamu zazikulu ndipo amafulumira. Iye akadali kulimbana ndi kambamu koyamba, usipa watha, dzira latha, chatsala ndi nsima ndi msuzi. Aliyense waona kuti mwana anali pambale, choncho aliyense akuti wadya. Palibe amene angakuuzeni kuti wadya chochuluka bwanji. N'chifukwa chake bungwe la zaumoyo padziko lonse lapansi la WHO ndi loona za ana la UNICEF amalangiza kuti mwana wamng'ono azipakuliridwa m'mbale yakeyake, kuti womulera aziona chimene chalowa ndi chimene chatsala. Mwana akayamba kusiya chakudya masiku awiri atatu, mbaleyo ndi imene idzakuuzani msanga kuti chilipo chikumuvuta.

Kumupatsa mbale yake sikumuchotsa pa banja. Akhale pomwepo pa mphasa kapena pa tebulo, aziona mmene ena akudyera, azitengera. Kudya pamodzi ndi mwambo wabwino ndipo tisautaye. Chofunika n'chakuti gawo lake lipatulidwe ena asanayambe kudya. Abambo, nanunso muli ndi mbali yanu apa: nthuli ya nyama kapena dzira limene mwambo umati likhale lanu, thupi limene likulifuna kwambiri ndi la mwanayu, chifukwa ubongo ndi mafupa ake zikukula tsopano lino.

Kuchuluka kwa chakudya kumatsata msinkhu. Kwa miyezi 6 yoyamba mwana ayamwe bere lokha, osamupatsa ngakhale madzi. Akakwanitsa miyezi 6 yambani ndi masupuni aakulu awiri kapena atatu a phala lolimbirako, loti silikuyenderera pa supuni, kawiri kapena katatu pa tsiku, n'kumaonjezera pang'onopang'ono mpaka theka la kapu ya mamililita 250. Kuyambira miyezi 9 mpaka 11 adye theka la kapu, katatu kapena kanayi pa tsiku. Kuyambira chaka chimodzi mpaka zaka ziwiri adye pafupifupi kapu yodzaza, katatu kapena kanayi, ndi zotolatola ngati nthochi, peyala kapena papaya pakati pake. Bere lipitirire mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira.

M'mbalemo musamakhale nsima ndi msuzi wokha. Kumbukirani magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzira ku sikelo: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, usipa wosinja, dzira kapena masamba osinja bwino limamanga thupi kuposa phala loyera la madzimadzi. Mwana wosakwana chaka musamupatse uchi. Ndipo khalani naye pafupi akamadya, muzimulimbikitsa mofatsa, osamukakamiza kapena kumutseka mphuno kuti ameze. Mwana amatenga nthawi, mulekeni amalize.

Mukasankha kugula kamphasa

Sankhani kosalala, kopanda mizere yakuya kapena timabowo, kuti katsukike mosavuta. Ta pulasitiki ndi ta labala timatsukika bwino, koma tikang'ambika kapena kukandika kwambiri titayeni, chifukwa zotsalira za chakudya zimabisala m'ming'alumo, ndipo tizidutswa tothothoka mwana angameze. Ta nsalu timafunika kuchapa nthawi iliyonse, choncho mukhale ndi tiwiri kapena titatu. Tolukidwa ndi mlaza n'tokongola pamaso pa alendo, koma phala likalowa m'mipata yake silituluka. Timeneti tisiyireni akuluakulu.

Tsukani mbali zonse ziwiri. Ambiri amatsuka pamwamba pokha n'kuiwala kuti pansi ndi pamene pamatsekeredwa chinyontho, makamaka pa tija tomamatira. Musakapinde kakadali konyowa, ndipo musakagwiritse ntchito podulirapo nyama yaiwisi.

Ngozi ya kupsa

Iyi ndi ngozi imene ogulitsa timphasa satchula. Mwana akafika miyezi 8 kapena 9 amakoka chilichonse chimene dzanja lake lafikira. Akakoka kamphasa kapena nsalu ya pa tebulo imene ikulendewera, kapu ya tiyi kapena mbale ya phala lotentha imabwera nayo, n'kumukhuthukira pankhope ndi pachifuwa. Khungu la mwana n'lopyapyala, limapsa msanga ndiponso mozama kuposa la munthu wamkulu. M'nyumba ya mwana wokwawa kapena woyamba kuyenda, nsalu yolendewera ichoke pa tebulo. Pa kamphasa ka mwana pazikhala mbale yake yokha, chakudya chitazizirako. Timphasa ta akuluakulu tokhala ndi tiyi pamwamba tikhale pakati pa tebulo. Kwa odyera pansi, mphika wa nsima, ketulo ndi mbaula zikhale kutali ndi mphasa, ndipo musamwe tiyi mwana ali pamiyendo.

Mwana akapsa, thirani madzi ozizira oyera pamalopo kwa mphindi 20, muvuleni zovala zimene sizinamamatire pakhungu, phimbani ndi nsalu yoyera, n'kuthamangira naye ku chipatala. Musapakepo mafuta ophikira, dzira, mankhwala otsukira mano, dothi kapena mankhwala azitsamba. Zimenezi zimalowetsa tizilombo pabala. Matuza musawaphulitse.

Kutsamwa nako kumachitika pa nthawi yomweyi. Mwana azidya atakhala tsonga, asamadye akuyenda, atagona kapena akusewera. Mtedza wathunthu, chimanga chokazinga, maswiti olimba ndi nthuli zazikulu za nyama si za mwana wamng'ono. Mtedza usinjeni, nsomba muichotse minga ndi zala zanu musanaike m'mbale yake.

Manja

Kamphasa kangayere bwanji, ngati manja ali akuda palibe chimene mwachita. Sambani m'manja ndi sopo musanakonze chakudya, musanadyetse mwana, mukachoka ku chimbudzi ndiponso mukamusintha thewera. Musambitseninso mwanayo, pakuti manja ake ndi amene akwawa pansi. Madzi akhale othirirana kuchokera mu jagi kapena pa mpondagiya. Kusamba m'beseni limodzi, akulu kuyamba mwana n'kumalizira, kumamusiyira mwana litsiro la banja lonse. Mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo kolera imayenda kudzera m'madzi ndi chakudya zimene zakhudzana ndi chimbudzi. Madzi akumwa a mwana akhale owiritsa kapena othira kulorini, osungidwa m'chotengera chovundikira.

Chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri musanampatse mwana. Phala lotsala m'mawa, ngati mukufuna kumupatsanso, liwiritseni mpaka libwate, kenako lizizire. Vundikirani mbale kuti ntchentche zisaterepo.

Mwana akatsekula m'mimba

Musasiye kumuyamwitsa kapena kumudyetsa. Mupatseni Thanzi ORS wosungunula m'madzi oyera monga mwalembedwera pa paketi, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo kapezeni mankhwala a zinki kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena ku chipatala. Zinki amamwa kwa masiku 10 mpaka 14, ngakhale kutsekulako kutasiya. Akachira, muonjezereni chakudya kamodzi pa tsiku kwa masabata awiri kuti abweze thupi.

Pitani naye ku chipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, ngati akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, m'chimbudzi muli magazi, chimbudzi chili cha madzi okhaokha ngati otsukira mpunga, maso alowa m'kati, liwombo lalowa, wafooka moti sakudzuka bwino, kapena akukomoka. Pa ulendowo tengani buku lake la ku sikelo ndi botolo la Thanzi kuti azimwa m'njira.