Kunyamula katundu wolemera kuntchito: malamulo amati chiyani?

Kodi pali malire a katundu amene munthu mmodzi angaloledwe kunyamula?

Mu 1967 bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse, linakhazikitsa Pangano nambala 127, loti wantchito asalamulidwe kapena kuloledwa kunyamula katundu amene kulemera kwake kungaononge thanzi lake. Malangizo otsagana nalo, nambala 128, anatchula makilogalamu 55 kwa mwamuna wamkulu. Kunena zoona, amenewa ndi ochuluka zedi kwa munthu amene amanyamula kuyambira m'mawa mpaka madzulo m'nyumba yosungiramo katundu. Bungwe la NIOSH la ku United States, lofufuza za chitetezo ndi thanzi la anthu pantchito, limayambira pa makilogalamu 23, koma pokhapokha katunduyo ali pafupi ndi thupi, ali cha m'chiuno, ali ndi pogwirira, ndipo wonyamulayo sakupotokola thupi kapena kunyamula pafupipafupi. Chimodzi mwa izi chikasowa, malirewo amatsika.

Nanga katundu wopepuka angandivulaze bwanji?

Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Msana umamva kwambiri kutalikirana kwa katundu ndi thupi. Tengani bokosi lalikulu loti manja sakukwanira kulizungulira: mumaligwira ndi nsonga za zala, mikono itatambasuka, chibwano chili pamwamba pake, pansi osaona. Bokosilo likhoza kukhala lopepuka, koma minofu ya m'munsi mwa msana ikukoka mwamphamvu kuti musagwe chafufumimba. Dramu losadzaza nalo ndi loopsa, chifukwa zamkati zikakhavukira mbali imodzi thupi limadzidzimuka n'kupotoka lisanakonzeke. Chimodzimodzi matiresi, mpukutu wa kapeti kapena mapaipi aatali amene amapindika n'kumenya pakhomo.

Malangizo a bungwe la HSE, loona za chitetezo ndi thanzi pantchito ku Britain, amaonetsa bwino kusiyanaku. Mwamuna angathe kunyamula makilogalamu 25 cha m'chiuno, katundu atam'fungatira, mkazi 16. Mwamuna yemweyo akatambasula mikono, makilogalamuwo amatsika kufika 15. Akamatola pansi kapena kutsitsa pashelefu ya pamwamba pa mapewa mikono ili yotambasuka, ndi makilogalamu 5 okha.

Tikagwirizana awiri, si ndiye kuti vuto latha?

Limachepa, koma awiri sanyamula kuwirikiza kawiri zomwe mmodzi angathe. Wamfupi kapena amene ali kumunsi kwa masitepe ndiye amalemedwa kwambiri. Mmodzi azitsogolera ndi mawu, kuti mukweze ndi kutula nthawi imodzi.

Kodi lamba wa m'chiuno amateteza?

NIOSH inaunika nkhaniyi mu 1994 ndipo sinapeze umboni wokwanira woti malambawa amaletsa kuvulala. Chodetsa nkhawa n'choti wovala lamba amadziona wamphamvu n'kuyamba kunyamula zoposa msinkhu wake.

Udindo ndi wa yani, wanga kapena wa abwana?

Woyamba ndi wa olemba ntchito. Malamulo a ku Britain a 1992 okhudza kunyamula katundu ndi manja amaika zinthu mu ndondomeko yomveka: kupewa kunyamula koopsa ngati n'kotheka, kuunika komwe sikungapeweke, kenako kuchepetsa ngoziyo. Izi zikutanthauza forklift (galimoto yokwezera katundu), ngolo zokankha, mapaleti (matabwa osanjikapo katundu), kuika katundu wolemera pamashelefu a pakati, kulemba kulemera pabokosi, ndi njira zopanda zopunthwitsa. Kuphunzitsa anthu kupinda mawondo n'kwabwino, koma sikungapulumutse munthu amene akumuthamangitsa kuti atsitse lole yonse yekha. Mbali yanu ndi kuyesa katundu pomusuntha pang'ono musanamukweze, kutembenuka ndi mapazi osati chiuno, ndi kupempha mnzanu kapena chida popanda manyazi.

Ndikamva kupweteka ndichite chiyani?

Uzani woyang'anira tsiku lomwelo ndipo zilembedwe, chifukwa nkhani ya chipukuta misozi imavuta ngati palibe cholembedwa. Ululu wotsikira m'mwendo, dzanzi, kapena chotupa chotuluka m'munsi mwa mimba mutanyamula zolemera zimafuna dokotala. Mukayamba kulephera kusunga mkodzo kapena chimbudzi, kapena miyendo ikafooka, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa mitsempha ya msana ikhoza kukhala itapanikizika.