Mtsinje umene anaupatutsa: mbiri ya nyanja ya St Lucia

M'chaka cha 1952, pamene boma la atsamunda kuno ku Zimbabwe linkamaliza kutseka mtsinje wa Hunyani kuti pakhale nyanja imene lero timaitcha Chivero, kutali kumwera ku South Africa, m'mphepete mwa nyanja yamchere, anthu ena anali kalikiliki ndi ntchito ina ya madzi. Iwo sankatseka mtsinje ayi, ankaupatutsa. Mtsinje wa uMfolozi, umene kuyambira makedzana unkakumana ndi nyanja ya St Lucia pa mathiriro amodzi, anaukumbira njira yakeyake kuti uzikagwera m'nyanja yamchere paokha. Amene anachita zimenezi ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akupulumutsa nyanjayo. Panapita zaka 60 kuti oyang'anira malowa avomere kuti chimene chinkaipha ndi ntchito yomweyo.

Nkhaniyi ndaikumba chifukwa cha abale athu a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose muno mu Harare amene amasonkha ndalama chaka chonse, ena kumpingo ena m'magulu a chipereganyu, kuti pa Khirisimasi ana akaone nyanja yamchere. Ambiri amathera ku Durban kapena ku Beira, ndipo palibe cholakwika. Koma ife ndife zidzukulu za anthu akunyanja. Agogo athu anachoka ku Nkhotakota, ku Mangochi ndi ku Chikwawa, ena wapansi kudzera ku Tete, ndipo anatilera ndi nkhani za mvuu zogubuduza bwato ndi ng'ona zodikirira padooko. Ana athu obadwira mumzinda uno nyama zimenezi amangozionera pa foni. Ku St Lucia zilipo zamoyo, zambirimbiri, ndipo ndimafuna kuti amene angapiteko adziwe kuti kukongola kumene akakuoneko kunadutsa m'mikangano yotani.

Tauni ya St Lucia ili m'chigawo cha KwaZulu-Natal, pafupifupi makilomita 240 kumpoto kwa Durban. Mumapatuka pa Mtubatuba, n'kukalowa pa mlatho umodzi wokha, chifukwa mbali zonse kuli madzi ndi nkhalango. Ndi katauni kakang'ono ka malo ogona alendo ndi odyera. Kukada, mvuu zimatuluka m'madzi n'kumayenda m'misewu, kudya kapinga pakhomo pa anthu, ndipo zikwangwani zochenjeza oyenda usiku sizinaikidwe mwamasewera. M'nyanjamo muli mvuu pafupifupi 800 ndi ng'ona zoposa 1,000. Mukakwera boti chakumadzulo, woyendetsa amazimitsa injini pafupi ndi gulu la mvuu. Poyamba mumangoona timakutu tikupukusa madzi ndi mphuno zikufwenthera, kenaka yaimuna imayasamula kukamwa konse, mano ali psuu. Patsidya ng'ona yagona pamatope pakamwa pali yasa, ndipo pamwamba pa mtengo nkhwazi yapendeketsa mutu chagada ikulira, mbalame yomwe ija ya pa chizindikiro cha boma la Malawi.

Dzinali linachokera kwa Apwitikizi. Woyenda panyanja Manuel Perestrelo anafika m'derali pa 13 Disembala 1575, tsiku lokumbukira Lusiya Woyera. Mu 1895 malowa anakhazikitsidwa kukhala osungirako nyama, chaka chimodzi ndi Hluhluwe ndi Umfolozi, kotero ali m'gulu la malo akale kwambiri otetezedwa mu Africa. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndege zotera pamadzi zotchedwa Catalina zinkanyamukira pa nyanjayi kukasaka sitima zapansi pamadzi za adani, n'chifukwa chake gombe lina mpaka lero ndi Catalina Bay.

Kuti mumvetse mkangano wa madzi, muyenera kudziwa kuti nyanja ya St Lucia ndi yotambalala koma yosazama. Malo ambiri munthu wamkulu madzi amamulekeza m'chiuno. Dzuwa likaswa mtengo, madzi ochuluka amauma, ndipo timitsinje tina timene timathira kumpoto sitikwanitsa kubwezeretsa pa nthawi ya chilala. Amene ankaipulumutsa ndi uMfolozi. Mchenga ukatseka khomo lopita kunyanja yamchere, madzi a mtsinjewu ankabwerera chakumtunda n'kukadzaza nyanja. Mvula ikachuluka, madzi ankakwera mpaka kuboola okha mchengawo, n'kukokolola matope onse kupita nawo kunyanja yamchere. Komanso mtsinjewu usanafike pa mathiriro unkayamba wamwazikana m'dambo lalikulu la gumbwa ndi bango, limene linkagwira matope monga sefa imagwirira misere ya ufa.

Alimi achizungu anayamba kudzala nzimbe m'chigwa chimenechi mu 1911. Nthaka inali yachonde, koma madzi osefukira ankawalanda zokolola kawirikawiri. M'zaka za m'ma 1930 anakumba ngalande yaikulu, Warner's Drain, kudula dambo lija pakati kuti madzi azithamanga osaima. Minda inauma bwino ndithu. Koma matope amene kale ankatsalira m'gumbwa tsopano ankafika onse pa mathiriro, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 khomo linali litatsekeka ndi thope. Akuluakulu anaona matopewo, anaona mtsinje umene ukuwabweretsa, basi n'kugamula kuti mtsinjewo uchoke. Za ngalande imene inayambitsa vutolo sanaikhudze. Kuyambira pamenepo makina ofukula matope anakhala akubangula pa mathiriro zaka ndi zaka, matope ofukulidwawo n'kumawaunjika pakati pa mtsinje ndi nyanja mpaka anasanduka chitunda. Anamanganso zipupa zamiyala kuti khomo lizikhala lotseguka nthawi zonse, koma namondwe Domoina anaziphwasula mu 1984.

Pali mbali ina ya mbiriyi imene mabuku okopa alendo amailambalala, ndipo kwa ife ana a anthu ochoka kwawo ndi imene iyenera kutikhudza kwambiri. Msewu wopita ku Cape Vidal, makilomita oposa 30 kumpoto kwa tauni, umadutsa m'chigwa chobiriwira momwe mumaona mbidzi, njati, ngoma, njiri ndi zipembere. Munthu angaganize kuti dera limeneli silinakhalemo munthu chilengedwere. Ayi ndithu. Munali midzi ya anthu a ku Bhangazi, minda yawo, ng'ombe zawo ndi manda a makolo awo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mpaka m'ma 1970 boma la tsankho linawasamutsa mokakamiza kuti lidzalemo mitengo ya paini. Kumpoto kwa nyanja anthu ena anachotsedwa asilikali atatsegula malo oyeserapo mizinga mu 1968. Mitengo ya painiyo nayonso inkamwa madzi apansi amene akanatsikira m'nyanja. Lero yambiri inadulidwa, madambo abwerera, njovu anazibweretsanso mu 2001. Nyama zinabwerera kwawo, eni nthaka sanabwerere. Dandaulo la anthu a ku Bhangazi linathetsedwa mu 1999 powapatsa ndalama ndi kamalo kakang'ono pafupi ndi nyanja ya Bhangazi. Kaya ndalama ingalipire manda a agogo ako, aliyense wa ife amene makolo ake anagona ku Dedza iye ali ku Dzivarasekwa angayankhe yekha.

Mkangano umene unatchukitsa St Lucia dziko lonse unali wa mgodi. Pakati pa nyanjayi ndi nyanja yamchere pali mapiri a mchenga okutidwa ndi nkhalango, ena otalika kuposa mamita 150, ndipo mumchengamo muli miyala ya titanium. Mu 1989 kampani ya Richards Bay Minerals inapempha chilolezo chokumba. Anthu okonda zachilengedwe, kuphatikizapo Ian Player amene anatchuka populumutsa zipembere zoyera, anadzuka, ndipo anthu pafupifupi 500,000 anasainira chikalata chokana. Komiti yotsogozedwa ndi woweruza Ramon Leon inamva mbali zonse, ndipo mu 1993 inalangiza kuti mgodi usakhalepo. Boma la Nelson Mandela linatsimikiza zimenezi mu 1996. Pa nthawi yonseyi anthu osamutsidwa aja ankamveka mochepa, ndipo ena mwa iwo ankaona mgodiwo ngati mwayi wa ntchito. Sindiwadzudzula. Boma linalonjeza kuti zokopa alendo zidzabweretsa ntchito zoposa za mgodi, ndipo lonjezo limenelo ndi ngongole imene midzi yozungulira ikuwerengabe. Mu Disembala 1999 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo mu 2007 anapatsidwa dzina la iSimangaliso Wetland Park.

Ulemu wonsewo sunathire dontho la madzi m'nyanja. Mu 2002 chilala chinayamba, khomo linatsekeka, ndipo uMfolozi ankangodutsa chapafupi kukataya madzi ake abwino m'nyanja yamchere. Nyanja inaphwa mpaka mbali yaikulu inasanduka bwalo la matope ong'aluka. M'zithaphwi zotsala kumpoto mchere unaposa wa m'nyanja yamchere kangapo. Nsomba zinafa. Tinsomba ndi ma prawn amene amabadwira kunyanja yamchere n'kudzakulira m'madzi odekha a St Lucia analibe polowera, ndipo asodzi a m'gombe lonselo anamva kuwawa. Amene anaona nyanja ya Chilwa itauma mu 1995 akudziwa fungo lake ndi chisoni chake. Kusiyana kwake n'kwakuti ku St Lucia madzi analipo, ankangoletsedwa kulowa.

Apa ndiye pamene nkhaniyi imandifika pamtima monga munthu wa mu Harare. Mzinda wathu unamangidwa kumtunda kwa madzi amene timamwa. Chilichonse chimene chagwera mu Mukuvisi ndi mu Marimba chimakathera ku Chivero, ndipo madambo a mumzinda ndi amene ankasunga ndi kuyeretsa madziwo. Monavale Vlei, Cleveland Dam ndi Chivero zinalowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo mu 2013, monga St Lucia inalowera mu 1986. Koma tayendani muone mmene madambo akugawidwira mapuloti, nyumba zikumera pomwe pankamera bango. Namasupuni wakuta nyanja, ndipo mu Disembala 2024 zipembere zoyera zinayi zinafa zitamwa madzi oipa a Chivero. Alimi a nzimbe aja pokumba ngalande sankafuna kupha nyanja, ankangofuna munda wouma. Amene akuthira dothi m'dambo kuno nayenso akungofuna pogona ana ake.

Mu 2012 oyang'anira iSimangaliso anasintha maganizo, atamvera akatswiri amene anafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri: mtsinje ubwerere, ndipo khomo lizitseguka ndi kutsekeka lokha. Ndi thandizo la Global Environment Facility kudzera ku World Bank, mu 2016 ndi 2017 anachotsa gawo lalikulu la chitunda cha matope chija. Madzi a uMfolozi analowanso ndipo nyanja inadzadza.

Koma madzi akakwera kudikirira kuboola mchenga, amabwerera m'minda ya m'chigwa. Alimi a nzimbe, kudzera m'kampani yawo ya Umfolozi Sugar Planters, anakasuma kuti khomo liziboolewa ndi makina minda ikamira. Khoti lalikulu la ku Durban linawakanira mu 2016, ndipo khoti la apilo linagwirizana nalo mu 2018. Ndimagwirizana ndi chigamulocho, poti amene walima pansi pa njira ya madzi sangalamule kuti nyanja yonse ife chifukwa cha munda wake. Komabe si olemera okha amene anamira. Alimi ang'onoang'ono a ku Sokhulu ndi ku Dukuduku, olima nthochi, mbatata ndi masamba m'madimba, anataya chakudya chawo, ndipo iwo alibe maloya. Eni maboti nawo anadandaula kuti matope ndi bango zikutseka njira zawo, ndipo mitengo yambiri ya mangrove, yomera m'matope a madzi amchere, inafa chifukwa chokhala m'madzi opanda mchere nthawi yaitali. Pa 6 Januwale 2021 oyang'anira anatumiza makina kukaboola khomo. Akatswiri ena anakwiya n'kulembera nduna ya zachilengedwe ya nthawiyo Barbara Creecy, imene inasankha gulu loima palokha kuti liunike nkhaniyi. Mu Epulo 2022 mvula yamphamvu imene inagwa m'chigawo chonsecho inatsegula khomo popanda dzanja la munthu. Funso la amene ayenera kulipira alimi a m'madimba madzi akakwera likadali pomwepo.

Amene mukukonza ulendo wa Disembala mwasankha nthawi yabwino ya akamba am'nyanja. Kuyambira Novembala akamba aakulu a mitundu iwiri, leatherback ndi loggerhead, amatuluka usiku kudzakumba mchenga ndi kuikira mazira, ndipo tiana timaswa kuyambira chakumayambiriro kwa chaka mpaka Malichi. Ntchito yowawerenga ndi kuwateteza inayamba mu 1963. Kukawaona n'kopita ndi wotsogolera wovomerezeka, osati panokha ndi tochi. Anangumi amadutsa kuyambira Juni mpaka Novembala, kotero pa Khirisimasi ambiri amakhala atapita. Kosambira ndi ku Cape Vidal, kumene miyala imatchinga mafunde madzi akaphwera. Pa mathiriro ndi m'nyanja ya St Lucia musalole mwana aponde m'madzi ngakhale atalira bwanji, ng'ona zake si zochezera. Ndipo amayi ogulitsa mikeka ndi madengu m'mbali mwa msewu musawadutse. Udzu umene amalukira, wotchedwa incema, amakaumweta m'madambo a nyanja yomweyi chakumayambiriro kwa nyengo yozizira, ndipo ambiri mwa iwo amachokera m'midzi yozungulira imene inalonjezedwa kuti idzadya za alendo.