Ubweya wa kalulu wa pachionetsero umayambira m'mimba

Oweta akalulu a pachionetsero akabwera kwa ine, funso lawo limakhala limodzimodzi: "Adokotala, ndi mapeleti ati amene amawalitsa ubweya?" Mapeleti ndi timibulu ta chakudya cha ziweto togulitsidwa m'matumba. Ine ndimati titembenuze kaye thumbalo, tiwerenge kapepala kosokedwa kumbuyo kwake. Chithunzi cha kalulu wonyezimira chili kutsogolo chija kalulu wanu sadya.

Kuonetsa akalulu pampikisano kunazika mizu kalekale ku America ndi ku Ulaya. Bungwe la American Rabbit Breeders Association linayamba mu 1910, ndipo buku lake la Standard of Perfection limanena mmene mtundu uliwonse uyenera kukhalira. Ku Britain, ntchito yotereyi ili m'manja mwa British Rabbit Council kuyambira 1934. Woweruza sangoyang'ana ndi maso. Amamusisita kaluluyo kuchokera m'mapewa mpaka kumchira, kufuna kumva mnofu wogwira, wosawezuka ndi mafuta, ndipo akakayikira kulemera kwake amamuika pasikelo. Kalulu wamkazi wamkulu wa mtundu wa New Zealand amayenera kulemera makilogalamu pakati pa 4.5 ndi 5.4, pamene wa mtundu wa Netherland Dwarf akapitirira pang'ono kilogalamu 1.1 watuluka mumpikisano. Choncho chakudya chongonenepetsa si mnzanu.

Nambala yoyamba kuiyang'ana pakapepala paja ndi ya faiba, ulusi wolimba wa m'udzu ndi m'zomera zina, yomwe amalemba kuti crude fibre. Ambiri amathamangira ku mapuloteni, koma kalulu ndi nyama ya udzu. M'mimba mwake muli thumba lalikulu lotchedwa caecum, mmene tizilombo tabwino timasasitsa zimene wadya. Zikatero amatulutsa ndowe zofewa, zomatana ngati kaphava ka mphesa, n'kuzidyanso zikungotuluka, ndipo m'menemo amapezamo mavitamini a gulu la B ndi mapuloteni ena. Musanyansidwe nazo, ndi mmene analengedwera. Faiba ikachepa matumbo amayenda mwaulesi, tizilombo toipa timachuluka, ndipo ana akalulu ongoletsedwa kuyamwa amatsegula m'mimba n'kufa mosakhalitsa. Mapeleti abwino akhale ndi faiba yosachepera 18 peresenti. Ngakhale apo, udzu wouma usasowe m'khola, chifukwa mano a kalulu amakula moyo wake wonse, akutsogolo pafupifupi mamilimita awiri pasabata, ndipo chimene chimawapera bwino ndi kutafuna udzu.

Tsopano mapuloteni. Kalulu wamkulu wosabereka amakwanitsidwa ndi 16 peresenti. Wamkazi woyamwitsa, ana amene akukula, ndi kalulu wa mtundu wa Angora amene thupi lake limangopanga ubweya, amafuna 17 kapena 18. Oweta odziwa amadandaula kuti chakudya cholemera kwambiri chimachititsa kalulu kuthothoka ubweya mosalekeza, moti tsiku la chionetsero limafika malaya ake ali zigambazigamba. Mafuta akhale pakati pa 2 ndi 4 peresenti basi.

Kashiamu, mchere wolimbitsa mafupa ndi mano, ndiye amene anthu amamuiwala. Thupi la kalulu limayamwa kashiamu wambiri amene wadya, n'kutaya wotsalayo kudzera mumkodzo. N'chifukwa chake pansi pa khola pamayera ngati pathiridwa laimu. Akachulukitsa, m'chikhodzodzo mumadzadza matope oyera kapena timiyala. Pathumba payenera kulembedwa pafupifupi 0.5 mpaka 1 peresenti kwa kalulu wamkulu. Mapeleti opangidwa ndi chomera chodyetsa ziweto chotchedwa lucerne, chimene ku America amati alfalfa, amakhala ndi kashiamu ndi mapuloteni ochuluka, oyenera ana ndi oyamwitsa. A udzu wa timothy ndi opepukirapo.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa kwathu kuno, kumene mapeleti a akalulu sapezeka m'sitolo iliyonse, munthu amaganiza kuti chakudya cha nkhuku chingalowe m'malo. Ayi ndithu. Cha nkhuku zoikira mazira chili ndi kashiamu wa zikamba za mazira, kuwirikiza katatu kapena kanayi amene kalulu amafuna, ndipo faiba yake ndi yochepa kwambiri. Choopsa koposa n'chakuti m'chakudya china cha nkhuku za nyama amathiramo mankhwala oteteza ku matenda a m'matumbo otchedwa coccidiosis, monga narasin ndi monensin, amene kwa kalulu angakhale poizoni. Madeya okhaokha nawonso amangomunenepetsa.

Chakudya chosakanizasakaniza chija, chokhala ndi timbewu, chimanga chophwanya ndi tinthu tamitundumitundu, chimakongola kwa wogula yekha. Kalulu amachita ngati mwana wosankha nyama m'ndiwo: amatola zokoma, n'kusiya za faiba m'mbale. Ubwino wa peleti ndi woti kalikonse kamene waluma n'kofanana ndi kanzake.

Musanalipire, pisani dzanja m'thumba ngati akulolani. Mapeleti abwino amakhala obiriwira, olimba, onunkhira udzu. Ngati pansi pa thumba pali fumbi lambiri, ndiye kuti mukugula ufa umene kalulu adzaukana ndi kumuyetsemulitsa. Mukamva fungo la chuku, lisiyeni ngakhale atatsitsa mtengo, pakuti kalulu sapirira aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku, ndipo chiwindi chimawonongeka msanga. Onaninso tsiku limene anapangira. Mavitamini A ndi E amafooka thumba likakhalitsa, makamaka kotentha ndi kwachinyontho, choncho gulani zoti zithe m'miyezi iwiri kapena itatu, ndipo muzisanjika pathabwa, osati pasimenti.

Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri chimachitika kutatsala masabata awiri kuti chionetsero chifike. Woweta wamva kuti mnzake amene anapambana chaka chatha amadyetsa mtundu wina, ndiye wasintha tsiku lomwelo. Tizilombo ta m'caecum sitikonda kudzidzimutsidwa: kalulu amasiya kudya, amatsegula m'mimba, kapena ubweya umayamba kugwa. Kusintha kumafuna masiku 7 mpaka 10, mukusakaniza chatsopano pang'onopang'ono m'chakale, ndipo kuchitike nyengo ya zionetsero isanayandikire n'komwe. Mpendadzuwa kapena mbewu ya oats zimene ena amawonjezera kuti ubweya uwale zisapitirire kasupuni kakang'ono patsiku.

Nanga muyeso wa mapeleti? New Zealand wamkulu wosabereka amakhuta ndi magalamu pafupifupi 150 patsiku, koma sikelo ndi dzanja lanu ndizo zidzakuuzani zoona. Muzimuyeza sabata iliyonse, tsiku lomwelo, n'kulemba m'kope. Mukasisita msana, mafupa azimveka ngati mikanda yofunditsidwa nsalu yochindikala. Akamabaya onjezerani, akasowa chepetsani. Ndipo mukapeza mbale ili yodzadza m'mawa, yang'anani kaye botolo la madzi musanaimbe mlandu mapeleti, chifukwa kalulu waludzu sadya chouma.